Khutu la Forosa

Loweruka lapitali anandithamangitsa m'nyumba ya kanema ku Las Vegas, ine nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, mlandu wake kuseka. Adelaida, mdzukulu wa msuweni wanga amene akundisunga masiku ano, ndiye ananditengera kumeneko, akuti ndikaone zithunzi zoyenda ndisanafe. Pa nsalu yoyera panaoneka bambo wandevu, anthu a mtundu wa Akomanche atamubera mwana wamkazi. Bamboyo anakwera hatchi, dzuwa likumuphika, chipale chofewa chikumugwera, mpaka anakamupeza mwanayo. Anakumbatirana, mayi wina akuliza piyano pakona, holo yonse mamina okhaokha. Ine ndinayamba ndi kaphwete. Ndinatseka pakamwa ndi mpango, koma chinatulukira m'mphuno, kenako chikhakhali.

"Azakhali, mukundivula!" anatero Adelaida, akunditsina pantchafu.

Bambo wa pakhomo anandinyamula m'khwapa ngati thumba la ubweya n'kukanditula panja. Lero ndi tsiku lachinayi Adelaida asakundiyankhula. Ndiye ndatenga kope lake lakale, ndilembemo chomwe ndinkaseka, aziwerenga yekha akapola mtima.

Kwathu kunali ku Ojito, kutsidya kwa mtsinje wa Pecos, nyumba zadothi khumi ndi zinayi ndi katchalitchi. Ukadutsa khola la achimwene anga a Meliton, kum'mawa kunalibenso denga, udzu wokhawokha mpaka kwa Akomanche. Tinali anthu a nkhosa. Akomanche ankatibera ana, amuna athu ankakabera ana kwa mtundu wina, Anavaho, Anavaho ankatibera nkhosa, ndipo Lamulungu tinkavala zoyera n'kukauza Mulungu kuti oipa ndi enawo.

Ine ndinkakhala kwa achimwenewo. Mwendo wanga wamanzere ndi waufupi, ndiye amuna ankandiyang'ana kuyambira kumaso, kutsika, kutsika, akafika pamwendo n'kukumbukira kuti asiya nkhosa zopanda mbusa. Ndinkaphika, ndinkapota ubweya, ndinkatunga madzi, ndiponso ndinkaseketsa anthu, kuti m'nyumbamo aziona kuti nyemba zomwe ndimadya sizikupita pachabe. Mlamu wanga Eduvigen anali mkazi wofatsa ngati mkaka. Mwana anali naye mmodzi yekha, Sinforosa, amene tonse tinkangoti Forosa.

Mwezi wa Meyi tinkadula ana a nkhosa michira ndi makutu. Banja lililonse lili ndi kadulidwe kake. Ka a Meliton kanali aka: upinde khutu lamanzere pawiri, udule nsonga mopendeketsa, ukalitambasula latuluka kamphanda ngati mchira wa namzeze. Tizidutswa timene tagwa sataya, amatiponya m'chitini kuti madzulo adziwe ana abadwa angati. Lamulo lake ndi limodzi ndipo ngakhale chidakwa chimalidziwa: chili ndi chizindikiro chako n'chako, chipezeke kutali bwanji. Wokana chizindikiro chake ndi wamisala. Ndipo wakuba nkhosa akafuna kuti mwini asaidziwenso, amadula khutu lonse.

Chaka chimenecho Forosa anali ndi zaka zisanu, kamwana konenepa, kosakhazikika.

"Azakhali, inenso mundidule! Ndine kankhosa ka ababa!"

"Bwera kuno, kankhosa konunkha iwe. Koma lira kaye, ndidziwe kuti si galu."

"Mee!"

Ndinamupanikiza pakati pa mawondo, ndinapinda kakhutu, n'kuikapo msana wa mpeni. Ndinkati ndi msana. Galu anauwa, mwana anatembenuka, ndipo sunali msana.

Magazi! Eduvigen anandithamangitsa ndi chipande kuzungulira khola, ine tsimphi tsimphi, ndikulira ndikuseka. Koma a Meliton anagwira khutulo, analiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi.

"Taonani anthuni! Prajedes wadula bwino kuposa abusa anga!"

Anatola kachidutswako n'kukaponya m'chitini pamodzi ndi tinzake. Bala linapola, kamphanda kanatsala, ndipo mudzi wonse unkamutcha mwanayo Kankhosa ka Meliton. Mwiniwake ankanyadira. Akandiona ndikubwera kuchokera kukasupe ankafuula kuti, "Azakhali a Tsimphi, mee!" ine n'kuyankha kuti mee.

Chaka chotsatira, mwezi wa Seputembala, Eduvigen anagona, pathupi patachoka. A Meliton anamutenga Forosa kubusa kuti mayi ake apume. Dzuwa litapendeka anabwera akuthamangitsa nkhosa, fumbi koboo, nkhosa mazana anayi zonse, koma mwana palibe. M'manja anali ndi kansapato kamodzi, kali magazi.

"Akomanche," anatero. "Amupha pakasupe. Ndamuika ndekha pompo. Usapiteko kukafukula, Eduvigen, ndakupempha. Nkhwangwa inagwa pankhope."

Amuna anali atatenga kale mfuti, ena akumanga zishalo. Atamva kuti amupha, anamasula. Wamoyo amatsatidwa, ndipo mukalephera kumulanda mumapita ndi ngolo za amalonda kukamuwombola, ndi mabulangeti, ndi buledi, ndi theka la nkhosa zako, nthawi zina zonse. Wakufa amangofuna mtanda.

Mtandawo anauimika pakasupe, pamulu wa miyala umene a Meliton anaunjika. Pomwe munthu wafera panjira, aliyense wodutsa amaponyapo mwala ndi kapemphero. Poti kasupe wa mudzi anali yemweyo, mayi aliyense wopita ndi mtsuko ankanyamulanso mwala.

Tsono ine ndinali ndi kankhosa kanga kamasiye, kakuda kumaso, komwe ndinkakayamwitsa ndi kansalu koviika mumkaka. Ndinakatcha Bishopu chifukwa kankayenda monyada ndipo sikankagwira ntchito. M'khosi ndinakamangirira kabelu. Tsiku limenelo Bishopu anapita ndi gulu, koma sanabwere. Ndinati mwina wasochera m'chipwirikiti. Tsiku lachitatu ndinalawirira kukatunga madzi, ndinapeza nkhandwe zafukula m'mbali mwa mulu uja. Pamanda pankanunkhadi ngati pamanda. Mwendo unali utatulukira kunja.

Mwana wa achimwene anali ndi ziboda.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mtsuko uli pamutu. Forosa ali moyo, ndinatero mumtima. Masiku atatu okha, amuna atathamanga akhoza kupeza mapazi. Kenako ndinaganiza za mwendo wanga, ndi za nyengo yozizira, ndi kuti mkazi wopunduka amene wachititsa mlongo wake manyazi pamaso pa mudzi amakagona kuti. Ndinaubweza mwendowo ndi phazi, ndinagubuduza mwala waukulu n'kutsekapo. Pa miyala yonse ya pamulupo, waukulu kwambiri unali wanga.

Madzulo ake tikudya, Eduvigen anadzikoka kuchoka pamphasa kuti apempherere mzimu wa mwana. Onse titatsinzina, ine ndinati chapansipansi, "Mee."

A Meliton anatsamwa ndi nyemba. Ndinawamenya pamsana, mwamphamvu ndithu, monga mlongo wachikondi. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Sabata yomweyo anandibweretsera nsapato zachikopa chofewa, imodzi ya chidendene chachitali. Kuyambira pamenepo sindinatungenso madzi. Ndikafuna shuga, mee. Ndikafuna mpango watsopano wa pa Isitala, mee. Tikamadutsa pamtanda anthu akupemphera, ine mee, ndipo achimwene ankatuluka thukuta ngakhale kukugwa chipale. Anthu ankati Prajedes ali ndi kaliridwe kakekake, musiyeni. Tsiku lina Eduvigen anandigwira dzanja, misozi ili mbwee.

"Mlamu, ndinu nokha amene mumamukumbukira momwe ankasewerera. Mulungu akudalitseni."

Ndinati ameni.

Zaka khumi ndi zitatu. Eduvigen sanabalenso. Tsiku lililonse ankapita kukasupe ndi mwala, ndipo yapafupi itatha ankakaitenga kumtsinje, pamsana, mu shawelo. Muluwo unakula kuposa chitseko cha tchalitchi. Maso ake anachita nkhungu, poyamba limodzi, kenako onse, koma njira ya kumtanda mapazi ake ankaidziwa. Nkhosa za a Meliton zinafika zikwi ziwiri, ndipo m'tchalitchi ankakhala kutsogolo.

Ndiye kunabwera chaka chimene Akomanche anagonja. Asilikali anawawombera mahatchi, anawatenthera mahema, n'kuwatsekera kumalinga, ndipo onse amene anaoneka kuti anachita kubedwa anawasankhula n'kumayenda nawo m'midzi. Tsiku lina masana ngolo inaima pabwalo lathu. Mkulu wa asilikali anali mzungu wofiira ngati tsabola, wotopa, wosadziwa chinenero chathu. Anaitana a Tranquilino, aneba athu, nkhalamba imene paunyamata inkachita malonda ndi Akomanche ndipo inkayankhula zinenero zonse zitatu, zonsezo motukwana.

M'ngolomo munali mkazi mmodzi, wovala chikopa, woonda ngati chikwapu. Tsitsi linali lometedwa ndi mpeni mpaka m'masaya. Kudzanja lamanzere zala ziwiri zinali zoduka nsonga.

"Anadzidula yekha," anatero a Tranquilino atamufunsa. "Ndiko kulira kwawo. Chimodzi cha mwamuna wake, china cha mwana. Onse afa m'chisanu chapitachi. Mzunguyu akuti mkaziyu mawu athu amadziwa awiri okha, Ojito ndi Meliton. Ndipo akuti wina akapanda kumulandira lero, abwerera naye kumalinga, iye watopa, matako atupa ndi chishalo."

Mudzi wonse unatembenukira kwa achimwene. Iwo anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"Wanga ali pansi pa miyala," anatero. "Ndani pano sanaponyepo mwala? Uyu ndi wachikunja, wamva dzina langa kwa amalonda, akufuna nyemba zaulere. A Meliton alipo ambiri padziko."

Atatero anandiyang'ana. Ine ndinali nditavala nsapato zawo. Ndinati, "Forosa wathu anali wonenepa, anthuni. Uyu ngakhale nkhandwe ingamubweze." Ena anaseka pang'ono. Mzungu uja anakweza mapewa n'kuuza woyendetsa ngolo kuti atembenuze nyulu.

Pamene ndinkabwerera m'mbuyo kuti ngolo idutse, mkazi uja anayang'ana mayendedwe anga. Anagwira m'mphepete mwa ngolo. Pakamwa pake panagwedezeka kangapo popanda mawu, kenako panatuluka mawu a mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, m'thupi la mayi wamasiye.

"Azakhali a Tsimphi," anatero. "Mee."

Koyamba m'moyo wanga mee anandikanira pakhosi.

Eduvigen anali ataima kumbuyo kwa anthu, atagwira khoma. Anayenda molunjika ngati woona, anagunda gudumu, anakwera pa ilo, manja ali patsogolo. Anapapasa chibwano, tsaya, analowetsa zala m'tsitsi. Zitafika pakhutu lamanzere zinaima. Kulira komwe analira sindikulemba, zilembo zake ansembe sanandiphunzitse.

A Tranquilino anatukula tsitsilo ndi ndodo ya kaliwo wawo kuti onse aone.

"Meliton, tabwera. Kamphanda aka n'ka yani?"

"Anthu amang'ambika makutu, achikulire. Ndolo, minga..."

"Munga wopinda khutu pawiri n'kudula mopendeketsa? Munga umenewo undibwereke, undithandize mwezi wa Meyi. Chili ndi chizindikiro chako n'chako, mphwanga. Kapena ukukana chizindikiro chako pamaso pa anthu?"

Achimwene anavulanso chipewa n'kuyang'ana mkati.

"Tsono," anatero mayi wina kumbuyo, "ife zaka zonsezi takhala tikupempherera ndani?"

Mudzi wonse unapita kukasupe, asilikali akutsatira kuti aone zamisala za anthu a nkhosa. Kugumula mulu umene waunjikidwa zaka khumi ndi zitatu si ntchito yamasewera. Amuna anavula malaya, amayi anapanga mzere, mwala kuchoka dzanja ili kupita ilo. Eduvigen anakhala pansi atagwira dzanja la zala zoduka lija, osalisiya. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa anafika pamwala wanga, ndipo anaugubuduza amuna awiri. Pansi pake panali nsanza za shawelo wofiira, timafupa, ndi kachigaza kakatali kamano a udzu. A Tranquilino anakanyamula m'mwamba.

"Anthuni, gwadani. Woyera Nkhosa, mutipempherere ife."

Palibe anaseka. Pamene ankakatsitsa, chinthu china chinagwa pamwala. Dzimbiri linali litachidya, komabe chinalira, ngili.

Wakhungu amamva kuposa ife. Eduvigen anatukula mutu.

"Kabelu ka Bishopu," anatero. Kenako anatembenuza maso oyerawo, ndipo anandipeza pakati pa anthu makumi asanu ndi limodzi ngati akundiona. "Mlamu. Mee uja."



Sabata imeneyo m'nyumba munali zii. Forosa anakana bedi, ankagona panja pafupi ndi nkhuni, mayi ake pambali pake. Mawu athu ankamubwerera pang'onopang'ono, koma onse a chibwana: madzi, kutentha, ayi. Zazikulu ankauza a Tranquilino, ndipo a Tranquilino ankauza mudzi wonse. Akuti tsiku lija iye anagona pansi pa mtengo pafupi ndi kasupe. Anadzidzimuka okwera pamahatchi atamuzungulira, asanu okha. Anawaona atate ake pamtunda, ali pahatchi, mfuti ili pachishalo, akulowetsa nkhosa m'khwawa. Anaitana. Iwo anatembenuka, anamuyang'ana bwinobwino, kenako anaimbira galu mluzu.

Ansembe ankabwera kwathu kamodzi pamwezi. Atamva nkhaniyi anati nyumba yang'ambika, isokedwe. Analamula kuti Lamulungu ikatha misa kukhale phwando, a Meliton agwade pamaso pa anthu apemphe chikhululuko kwa mwana wawo, akumbatirane, nkhani ithe. Achimwene anapha nkhosa zinayi. Ine ndinaphika ngati kuphika kungafafanize kanthu: nyama ya tsabola wofiira, nyemba, chimanga chowiritsa ndi mafupa, mikate yotsekemera. Matebulo anawayala pabwalo, woliza vayolini anabwera kuchokera kutsidya. Forosa anamuveka diresi la mayi ake, lomwe linkamulendewera ngati layanikidwa pawaya, n'kumukhazika pakati pa ansembe ndi a Tranquilino.

Nthawi itakwana a Meliton anaimirira. Tinadikira kuti agwade. Anayang'ana pansi, anaona fumbi, anayang'ana buluku lawo la Lamulungu, n'kukhalabe chiimire. Anali atamwako makapu awiri olimbitsa mtima.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu a kutsogolo kwa tchalitchi, "ndakukhululukira."

Woliza vayolini anatsitsa uta.

"Zonse zimene wachita kumeneko, kugona ndi achikunja, kudya chiwindi chachiwisi, kuiwala mapemphero, m'nyumba mwanga sitidzazitchulanso. Zapita. Inenso pena ndinalakwitsa, munthu salephera, koma taonani nkhosa zomwe ndinapulumutsa tsiku lija ndi zomwe mukudyazi."

"Meliton," anatero ansembe chapansipansi, "sitinagwirizane choncho."

"Ndikumaliza, bambo mfumu. Anthu inu mwanena nokha kuti chili ndi chizindikiro changa n'changa. Ndavomera. Ndipo changa sindichisiya chizingoyendayenda. Ndalankhula ndi a Epimenio apa, avomera kumutenga momwe alilimu, zala zoduka, zonse. Ukwati mwezi wamawa. Nkhosa zanga zizikamwa kudambo lawo, banja likhale limodzi."

A Epimenio anali bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi amene anaika kale akazi awiri, ndipo onsewo ankayenda ndi mpango kumaso wobisa mabala ngakhale kukutentha. Anamwetulira ndi dzino lawo limodzi. Ansembe anayang'ana m'mbale mwawo. Tchalitchi chinkafuna denga, ndipo mitengo yake analonjeza ndi a Meliton.

Forosa anakoka a Tranquilino pamkono kuti amuuze zomwe zanenedwa. Nkhalambayo inakanda m'mutu, inalavula, n'kumuuza. Iye anafunsanso. Anamubwerezera, akuloza khutu, akuloza a Meliton, akuloza a Epimenio. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa mtengo wa chinthu pamsika.

Mpeni wodulira nyama unali patsogolo pa ansembe. Anautenga mosafulumira, anaupukuta padiresi la mayi ake. Ndi dzanja la zala zoduka anakoka khutu, ndi linalo anadula, kamodzi, kuchokera pamwamba kutsika, monga amachitira akuba nkhosa. Sanalire. Munthu amene anadzidula zala ziwiri khutu ndi chiyani? Anazungulira tebulo, magazi akutsikira m'khosi, n'kukaliika m'mbale ya atate ake, pamwamba pa nyama ya tsabola, kamphanda kali m'mwamba.

"Chanu icho, ababa," anatero ndi mawu a kamwana aja. "Ine ayi."

Pabwalo ponse panali phee, ntchentche zokha. Ndipo pakamwa pangapa, pakamwa pomwe pandidyetsa moyo wanga wonse, panatseguka pokha.

"Achimwene, ndikupatsireni mchere?"

Ngakhale galu sanagwedeze mchira.

M'mawa mwake Eduvigen anamanga kamtolo, anakwera nyulu, Forosa atagwira chingwe, mutu uli womanga ndi nsalu. Ankapita ku Mora, kwa alongo ake a Eduvigen, ulendo wa masiku anayi. A Meliton sanatuluke. Palibe mwamuna m'mudzimo amene akanathandiza achimwene kuwaletsa, poti chizindikiro chinali chitatsala m'mbale. Ine ndinawathamangira pachipata ndi kamba, mikate ndi nyama youma.

"Mlamu, tengani, njira ndi yaitali."

Eduvigen anapapasa kamtolo ka kambako, anakanunkhiza, n'kukabweza m'manja mwanga.

"Miyala ija ndinkanyamula ndi msana uwu, mlamu, kuchokera kumtsinje. Inu mukundiona pawindo, mutavala nsapato. Idyani nokha, muli ndi mano abwino."

Mawu ake omaliza kwa ine ndi amenewo. Anakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Mora, akuti mwana wake ankamutafunira nyama mano atatha, ndipo anafera m'manja mwake.

Kuyanjana kumene ansembe ankafuna kunachitika ndithu, koma kwa anthu olakwika. Tinatsala awiri, ine ndi achimwene, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tebulo limodzi. Mee anali atatha mphamvu, ndinabwerera kukatunga madzi. Ana a m'mudzi ndiwo anamutola, ankabisala kuseri kwa khola a Meliton akamadutsa, n'kumalira ngati gulu lonse. Kutchalitchi anasamukira kumbuyo. Sitinkakambirana za Forosa. Koma tsiku lina ndikufuna singano ndinapeza kachitini ka fodya pansi pa pilo wawo. Mkati munali khutu lija, atalithira mchere, louma ngati pichesi lofutsa. Mbusa sataya kachidutswa.

Atadwala matenda omaliza anandituma kuti ndipeze wopita ku Mora. Sindinkayembekeza kanthu. Koma tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, ndinaona mayi wa imvi zapatalipatali akutsika pahatchi, atakwera ngati mwamuna. Tsitsi analimanga kumbuyo, mbali yopanda khutu ili poyera, kabowo kokha. Ankaweta mbuzi zake kumapiri, akuti zosadulidwa makutu, ndipo ankazidziwa ndi nkhope.

"Azakhali, mwafupika," anatero. Mawu anali atakula tsopano.

"Mwendo winawu ukutsatira unzake, mwanawe."

Sanaseke. Analowa n'kukhala pampando pafupi ndi bedi, mbali yodulidwayo ataloza kwa atate ake. A Meliton anali atatsala mafupa ndi ndevu. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Forosa. Sendera kuno, ndikuuze mawu. Mpweya wandithera."

Iye sanasendere. Analowetsa dzanja pansi pa pilo, ngati wina anamuuza, koma sindine, natulutsa kachitini. Anakatsegula, anayang'anamo, n'kukaika pafupi ndi milomo yawo.

"Khutu lanu lili umu, ababa. Lankhulani."

Ndinaganiza kuti atukwana. Ayi. Achimwene anga, mwini nkhosa zikwi ziwiri, anatukula mutu n'kuyamba kunong'oneza m'chitini cha fodya. Ananong'oneza nthawi yaitali, misozi ikulowa m'ndevu. Ine ndinali pakhomo, ndinangotolako "galu" ndi "khwawa" ndi "ndinakumva". Mutu ukagwa, Forosa ankautukula ndi dzanja la zala zoduka kuti apitirize. Mate akatsika ankawapukuta ndi mpango wake. Koma nkhope yake inali kuwindo, akuyang'ana hatchi yake ikudya. Mawu atatha anadikira pang'ono, anaona kuti sakubweranso, n'kutseka chitini, kwa!

Tinawaika nacho m'thumba la malaya. Pamanda, anthu atayamba kubalalika, Forosa anawerama, anatola mwala wokwana m'manja n'kundipatsa.

"Ponyani, azakhali. Muno mulidi munthu. Lero musalire ngati nkhosa."

Ndinaponya. Anakwera hatchi osadya, ndipo sindinamuonenso.

Ndiye Adelaida, bambo wako wandevu wa pa nsalu yoyera uja, amene anasiya ng'ombe zake zonse osacheuka n'komwe, ine ndinapirira naye. Chipale chija ndinapirira nacho. Chinandithyola ndi pomaliza paja, pamene mtsikana anagwera pachifuwa cha atate ake, tsitsi n'kuyedzamira kumbuyo. Ndinasuzumira, ndinapukuta maso, ndinasuzumiranso. Anali ndi makutu onse awiri.